Chingwe cha Malemu Eustaquio

Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi Don Nabor Quijada ankalemba kalata imodzimodzi, ndipo komiti ya masewero a sukulu za sekondale m'chigawo cha Sonora inkawayankha mosinthasintha. Chaka china inati bwalo la mpira wa besibo la ku San Hipólito lilibe zimbudzi. Don Nabor anamanga zimbudzi. Chaka china inati oonerera alibe mthunzi, iwo anakhoma malata. Kenako inati mpanda ndi waufupi, kenako msewu uli ndi fumbi, ndipo chaka china sinayankhe n'komwe, mwina zifukwa zinali zitaithera. Chimene bambowa ankapempha chinali chimodzi basi: kuti mpikisano waukulu wa sukulu zonse za m'chigawocho, wa masiku anayi, udzachitikire pa bwalo lawo kamodzi kokha iwo akadali ndi maso.

Bwalolo linali la sukulu, koma panalibe amene sankadziwa mwini wake weniweni. Don Nabor ndi amene ankalithirira, kulisalaza ndi reki ndi kupirikitsapo ng'ombe za anthu. Anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zinayi, mawondo awo ankalira akamakwera masitepe, koma m'tauni yonse ankawatchabe Mphezi. Mu 1975, ali woponya mpira wa timu ya San Hipólito, anaphonyetsa omenya khumi ndi asanu ndi anayi pa masewero amodzi. Nkhaniyo inalembedwa ndi penti yofiira pa khoma la bwalo, ndipo pentiyo ankaikonzanso okha chaka ndi chaka, akudandaula kuti palibe wina amene amafuna kugwira ntchitoyo.

Chaka chimenechi kalata ya komiti inabwera yaitali. Inati mabwalo atsala awiri, la San Hipólito ndi la Las Tinajas. Inati Lachiwiri kudzabwera munthu wodzaona bwalo. Mmunsi mwake inawonjezera kuti kuyambira chaka chamawa mpikisano uzichitikira m'mizinda yokha, pa mabwalo a udzu wapulasitiki. Don Nabor anawerenga mzere umenewo kawiri, napinda kalatayo. Sanafunike wowamasulira.

Za miyeso ya bwalo sanade nazo nkhawa mpang'ono pomwe, ndipo akanaderanji? Ku San Hipólito kunali chingwe. Chinali cha malemu Eustaquio, bambo awo a Don Nabor, amene ankakoka tcheni cha oyeza malo ku mgodi ndipo ndi amene anajambula bwalolo. Kumapeto kwake kunali mphete yachitsulo, ndipo pakati pake panali mfundo ziwiri. Mpheteyo ukaikola pa msomali wa pa mbale, ka labala koyera kamene womenya mpira amaimapo, mfundo yoyamba inkakuuza poika kachulu ka woponya, yachiwiri poika mitsamiro itatu imene othamanga amaponda pozungulira. Mwezi wa February uliwonse ankachitsitsa pa khoma, kuchiwaza mowa wa bacanora pang'ono, wotsalayo n'kumwa, kenako n'kuyeza bwalo. Ku San Hipólito munthu akanatha kukayikira ansembe, dokotala, ngakhale mayi ake omubala, koma osati chingwe cha malemu Eustaquio.

Lachiwiri lija nyama inali pamoto dzuwa lisanatenthe. Amayi anaunjika tortilla, mikate yopyapyala yaikulu ngati malichero, oimba anabwera ndi malipenga awo, ndipo Cuco Bracamonte, mphunzitsi wa sayansi amenenso ankaphunzitsa timu ya sukulu, anavala tayi. Cuco anali mlongo wake wamng'ono wa Doña Herlinda, mkazi wa Don Nabor, ndipo chiyambire kulankhula anali asanagonjepo pa mkangano uliwonse.

Anthu ankayembekeza bambo wamimba wokonda nyama. M'kagalimoto koyera munatuluka mayi wachitsikana wa chipewa chachikulu, wonyamula chikwama. Anati dzina lake ndi Armida Yescas, anathokoza oimba, anawapempha kuti asiye, n'kuyamba ndi zimbudzi. Anatsegula mpopi uliwonse. Anagwedeza mpanda. Anakhala pa benchi ya oonerera, kuimirira, kukhalanso pa ina. Atafika pa dothi la pakati pa bwalo ananjuta, kutapa dothilo n'kulifikisa m'manja.

"Amalisamala ndani bwaloli?"

"Ndine, mayi," anatero Don Nabor.

"Ndayenda mabwalo khumi ndi awiri. Dothi lotere sindinalione."

Don Nabor anayang'ana pansi, makutu ali psuu. Akanatha kumupatsa ng'ombe mayiyo nthawi yomweyo. Ndiye mayiyo anatsegula chikwama chake n'kutulutsa tepi yoyezera.

"Musadzivute, mayi," anatero Cuco akumwetulira. "Tinayeza mu February."

"Munayeza ndi chiyani?"

"Ndi chingwe cha malemu Eustaquio."

"Amenewo ndiye ndani?"

Anthu onse anatembenuka kumuyang'ana. Ngakhale wootcha nyama anasiya kutembenuza. Akuluakulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma sananene kuti kalumoko kamayamba kumeta ndani.

Mayi Yescas anapempha Don Nabor kuti agwire nsonga ya tepi pa mbale, iye n'kuyenda mpaka pa kachulu. Anawerenga, kulemba, n'kupita ku mtsamiro woyamba. Anawerenganso, kulembanso.

"Kachulu kali pafupi ndi mita imodzi ndi masentimita makumi awiri," anatero. "Mitsamiro nayonso chimodzimodzi."

"Pafupi ndi chiyani?" anafunsa Cuco.

"Pafupi ndi mbale, aphunzitsi. Bwalo lanu ndi laling'ono."

Cuco anaseka, anthu enanso n'kusekera pomwepo popeza iye anali wophunzira. Anafotokoza, chala chili m'mwamba, kuti chitsulo chikatentha chimatalika, ndipo tepi yotalika imawerenga mochepa. Anati zimenezi amaphunzitsa ana a chaka choyamba. Mayiyo anavomera kuti ndi zoona, anapita ku galimoto, nabwera ndi tepi ina yansalu. Inawerenga chimodzimodzi. Cuco anati nsalu imatamuka.

Mayi Yescas sanakangane naye. Anatembenukira kwa Don Nabor, amene anali atagwadabe pa mbale ndi nsonga ya tepi m'manja.

"Bambo, ndikuuzani zoona. Bwalo la ku Las Tinajas silifika apa ngakhale theka. Ndibweranso Lachisanu la sabata yamawa. Ndikadzapeza miyeso ili bwino, ndidzalemba San Hipólito. Ndikadzapeza momwemu, ndidzalemba Las Tinajas."

Anadya tortilla imodzi ataimirira, anati ndi yokoma, n'kunyamuka.

Fumbi la galimoto lisanakhazikike, Cuco anali atakokera kale mlamu wake pambali, pansi pa mtengo wa mesquite.

"Alamu, mwamvetsa zimene akufuna mayi ameneyu? Mukangosuntha kachulu kameneka ndi fosholo imodzi, mwavomera kuti tauni yonse yakhala ikusewera pa bwalo la ana. Zikho zonse zili mu ofesi ya ahedi zija. Anyamata athu othamanga ngati agwape aja. Inuyo ndi penti yanu yofiira."

"Koma anyamata athu akapita kwina amagonja," anatero Don Nabor chapansipansi.

"Ndi madzi akumeneko! Amalemeretsa miyendo. Aliyense amadziwa zimenezo."

Inde, aliyense ankadziwa. Ankadziwanso kuti oponya achilendo akabwera ku San Hipólito ankabwerera kwawo akudzitama kuti mkono wawo wadzuka, ndipo ankati ndi mphepo ya kumtsinje.

Don Nabor anatsitsa chingwe chija pa khoma n'kupita nacho kunyumba masana omwewo. Anali ndi kachiyembekezo kamodzi, ndipo anakakumbatira njira yonse. Chingwe chimakalamba. Chimanyowa, chimauma, chimafota. Mwina chinayamba kufupika m'zaka zaposachedwapa, dzina la Mphezi litakhazikika kale. Anachiyala pa tebulo la m'khitchini n'kuyamba kuchiyendera ndi zala, kuyambira ku mfundo mpaka ku mphete. Doña Herlinda anali kukazinga nyama youma ya machaca ndi mazira, msana uli kwa amuna awo.

"Herlinda, taonani. Mfundo ya pa mpheteyi si ya bambo. Bambo sankamanga chonchi."

"Ndi yanga," anatero Doña Herlinda osatembenuka.

"Yanu bwanji?"

"Yanga basi. Ndinadulako."

Mafuta anapitiriza kulira m'chiwaya. Don Nabor anakoka mpando n'kukhala pansi pang'onopang'ono.

"Munadulako liti?"

"Chaka chimene tinakwatirana. Mukukumbukira thole lamawanga lija bambo anga anatipatsa? Linkadya maluwa a amayi anu tsiku ndi tsiku, iwo n'kumandiyang'ana ine ngati ndadya ndine. Ndinapeza chingwe chili pa msomali, chachitali chopanda ntchito. Ndinadula mkono umodzi ndi kachidutswa, mphete n'kuibwezera bwinobwino."

Iwo anakwatirana mu November 1974. Don Nabor sanafunike kuwerenga ndi zala.

"Bwanji simunanene?"

"Munandifunsa? Komanso ndinkafuna kunena, chaka chotsatira, nditaona mukuchiwaza mowa. Ndiye tsiku lomwelo ndinati ndinene munabwera atakunyamulani pamapewa, tauni yonse ikukuwa kuti Mphezi, Mphezi. Ndikanati chiyani? Mutsitseni, ndili ndi mawu?"

Anawaikira chakudya patsogolo, pambali pa chingwe. Kenako anapukuta manja n'kukhala moyang'anana nawo, zimene sankachita kawirikawiri masana.

"Nabor, zaka makumi asanu ndakhala nazo m'mimba. Palibe wina akudziwa. Kauzeni kuti makoswe anachidya chaka chatha."

Don Nabor zinawapweteka, kupweteka kwenikweni, kuposa tsiku limene dokotala anawauza kuti mkono wawo watha. Sanakwiyire akazi awo, ayi. Chimene chinawalasa n'chakuti masewero aja ankawakumbukira onse, mpira uliwonse, nkhope ya womenya aliyense akutembenuka mochedwa, ndipo tsopano ankadziwa chifukwa chimene anthuwo ankachedwera. Anadya chakudya chonse, chifukwa m'nyumba imeneyo chakudya sichinkatsala.

Lachitatu makolo ndi aphunzitsi anachita msonkhano m'kalasi. Anagwirizana, mwa kukweza manja, kuti matepi onse awiri ndi abodza. Wina anati alembe kalata yodandaula. Wina anati mpikisanowo upite ku Las Tinajas komweko, akaone ngati kuli tortilla. Cuco anatseka msonkhano ndi mawu akuti tauni yopanda mpikisano imakhalabe tauni, koma tauni yopanda mbiri ndi siteshoni ya basi. Anamuombera m'manja. Don Nabor anakhala kumbuyo, chipewa chili pa bondo, ndipo dzanja lawo silinakwere.

Lachinayi m'mawa, anthu opita kuminda anaona wilibala pakati pa bwalo. Don Nabor anali atagula tepi yatsopano kusitolo ya zitsulo. Doña Herlinda anagwada pa mbale atagwira nsonga yake, ambulera ili paphewa, pamene amuna awo ankagumula kachulu ndi fosholo. Pofika nthawi yopuma ya ana asukulu, kumpanda kunali kutadzaza anthu. Panalibe amene analowa kudzathandiza. Cuco yekha ndi amene analowa, choko chili mbuu m'manja.

"Alamu, mukuchita chiyani?"

"Ndikusamutsa dothi."

"Msonkhano unakana."

"Msonkhano suthirira bwalo."

Cuco anayang'ana anthu akumpanda, nafuna kupulumutsa zimene zikanapulumuka. Anakweza mawu kuti onse amve.

"Chabwino. Tinene kuti chingwe chinafota posachedwapa. Madzi osefukira a zaka zapitazi aja, si choncho, alamu? Nthawi yanu chinali chathunthu."

Anali atawatsegulira khomo, ndipo anthu onse ankafuna kuti adutsepo. Don Nabor anatsamira fosholo.

"Chinafupika mu 1974."

"Aa! Inu mukudziwa bwanji?"

"Ndikudziwa."

"Anachidula ndani?"

"Thole," anatero Don Nabor, n'kupitiriza kukumba.

Doña Herlinda anatsitsa ambulera mpaka inabisa nkhope. Cuco anaima pamenepo kukamwa kuli yasa, kwa nthawi yoyamba chibadwire, kenako anangoti, "Mukanangoti makoswe, munthu wamkulu inu," n'kubwerera kukalasi.

Ntchitoyo inawatengera masiku asanu ndi limodzi. Kusuntha mitsamiro kunatanthauza kusenda udzu, kubweretsa dothi lofiira kuchokera kumtsinje, kulisefa, kulithirira ndi kulitsendera. Anthu anasiya kuwatcha Mphezi. Sanawapatse dzina lina, ankangoti "abambo aja". Lachisanu Mayi Yescas anabwera, anayeza ndi matepi onse awiri, analemba m'kabuku kake, n'kugwira Don Nabor chanza. Nyama panalibe ulendo uno, oimbanso anali ndi zochita zina. Patapita masiku anayi kalata inafika: mpikisano udzachitikira ku San Hipólito, sabata yachitatu ya May. Don Nabor anaiwerenga ataima pakati pa bwalo, ndipo panalibe womuonetsa kupatula ng'ombe imene inkasuzumira kumpanda.

Cuco sanagonje. Anatenga chingwe cha malemu Eustaquio, anakayeza nacho bwalo lina kuseri kwa sukulu, pamalo pamene ankaimika basi, ndipo timu yake inkaphunzirira kumeneko masana aliwonse. Anati anyamata ake sadzaponda mitsamiro ya boma mpaka tsiku la mpikisano. Mawu amenewo anawasunga ndithu.

Tsikulo linafika. Mabasi asanu ndi awiri anadzaza msewu, mbendera zinapachikidwa, ndipo tauni yonse inabwera, ngakhale aja anakweza manja m'kalasi, chifukwa kukwiya n'kwina, mpira n'kwina. San Hipólito inayamba ndi sukulu ina ya kugombe la nyanja. Womenya woyamba wa San Hipólito anamenya bwino n'kufika pa mtsamiro woyamba. Mpira wotsatira utangoponyedwa anauyatsa liwiro kulinga ku mtsamiro wachiwiri, nadziponya pansi kuti atsetsereke n'kuugunda ndi phazi mpira usanafike. Anatsetsereka mokongola kwabasi, fumbi kobo. Fumbilo litachoka, anali gone chagada, phazi lili m'mwamba, mtsamiro uli patsogolo pake mita yathunthu. Mnyamata wakugombe anamuyang'ana kaye, kuyang'ananso woweruza, kenako anawerama n'kumukhudza ndi mpira mwaulemu, kutanthauza kuti watuluka.

Wachiwiri anachita chimodzimodzi. Wachitatu anazindikira ali pansi kale, nayesa kumaliza ulendowo chokwawa ndi matako. Makolo a kugombe anaseka mpaka mayi wina mwa iwo anachita kupatsidwa madzi. Woponya wa San Hipólito naye mipira yake inkafika kwa omenya itatopa, ndipo iwo ankaitumiza kuseri kwa mpanda umene Don Nabor anakweza zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Dzuwa lisanapendeke timu yakwawo inali itatuluka mu mpikisano. Potuluka pa geti Cuco anauza aliyense womumva kuti mwaona zimene tepi imachita.

Tsiku lachiwiri anthu a ku San Hipólito sanabwere, kupatula ogulitsa zakumwa. Tsiku lachitatu chimodzimodzi. Don Nabor ankafika kusanache, kuthirira, kusalaza, kujambula mizere ndi laimu, ndipo pakati pa masewero ankalowa ndi reki yawo kukonza pamene anyamata akumba ndi nsapato. Aphunzitsi achilendo ankatola dothi n'kulinunkhiza. Mmodzi anafunsa ngati angatengeko m'thumba. Mpira pa bwalo limenelo unkadumpha moongoka, osanamiza munthu, ndipo Don Nabor ankaonerera ali pa ndowa yovundikira, mtima ukusangalala ndi kuwawa nthawi imodzi.

Tsiku lomaliza, matimu awiri a m'mizinda atafola pa mizere yoyera, Mayi Yescas anapeza Don Nabor akutsuka mbale ya pa bwalo ndi burashi.

"Bambo Quijada, mwambo wake ndi wakuti mwini bwalo aponye mpira woyamba wa masewero omaliza."

"Mwini bwalo ndi ahedi."

"Ahedi akuti akumva mutu. Ndipo ine ndinafunsa tsiku loyamba lija amene amalisamala."

Anawapatsa mpira watsopano, woyera mbee. Don Nabor anaupukuta pa thalauza ngakhale unalibe fumbi, anavula chipewa n'kupatsa Doña Herlinda, amene anali munthu yekhayo wa m'tauniyo pa benchi yakutsogolo. Anayenda mpaka pa kachulu. Anakamanga okha ndi manja awo, wilibala makumi atatu, koma anali asanaimepo n'kuyang'ana ku mbale. Anayang'ana. Wowakha mpira anali atanjuta uko, golovesi ili yasa, wamng'ono ngati ali tsidya la mtsinje. Ndiye kuti anzawo onse a m'matauni ena, aja ankawaseka kuti ali ndi manja aphala, ankaponya kuchokera pano moyo wawo wonse.

Anakweza bondo mmene ankachitira kale, bondolo linalira, ndipo anaponya ndi mphamvu zonse zimene zinatsala m'thupi mwawo. Mpirawo unapita moongoka bwino. Unagwa pa dothi usanafike pa mbale, unadumpha kamodzi, n'kugubuduka mpaka pa phazi la wowakha. Alendo anaomba m'manja mwaulemu, monga mmene anthu amaombera nkhalamba.

Woweruza, bambo wachifundo, anatola mpirawo n'kubwera nawo theka la njira.

"Mukufuna muponyenso, madala? Mutha kusendera kutsogolo pang'ono, palibe angadandaule."

"Ayi, zikomo," anatero Don Nabor. "Wafika pamene umafika."

Anatsika pa kachulu, anakatenga reki, nasalaza kadzenje kamene mpira wawo unasiya patsogolo pa mbale, chifukwa womenya woyamba anali akubwera kale.